Ufa wa pa Msolo

Ngwee, ngwee, ngwee. Umu ndi mmene chinkalirira chitsulo cha kwathu ku Nakatope. Chinali chidutswa cha njanji chimene makolo anachisenza kuchokera ku Cuamba, ndipo chinkalendewera pa nthambi ya mtengo wa msolo pafupi ndi doko. Chikalira, asodzi a pa nyanja ya Amaramba ankatembenuza mabwato, amayi ankasiya misi m'mitondo, mudzi wonse n'kusonkhana. Woimba chitsulocho anali bambo anga. Nkhope yawo sindiikumbukira bwino, koma kulirako ndimakumvabe, makamaka munthu akagwetsa khasu pamwala.

Bambo ndi mayi anafa chaka chimene nkhondo inafika kunyanjako. Anaikidwa mwachangu kuseri kwa msolo, ndipo agogo anga, obala mayi, anandigwira dzanja n'kuwolokera nane ku Malawi. Mtendere utabwera, galimoto zobweza othawa nkhondo zinatitula pa Mandimba, koma njira ya kwathu inali isanachotsedwe mabomba. Ndinapeza ganyu youmba njerwa ku mishoni ya Massangulo, ku Ngauma, ndipo tinakhala kumeneko. Kuseri kwa kanyumba kathu agogo anafesa mapira. Mbewu yake inali ya ku Nakatope. Anathawa nayo itamangidwa m'kansalu, ankaibzala chaka ndi chaka pamsasa wa othawa nkhondo ku Malawi, ndipo anabwera nayo. Chaka chimenecho mpheta zinadya ambiri, otsala anangokwana kalichero kamodzi.

Uthenga unabwera ndi munthu wogulitsa nsomba zouma panjinga. Anati anthu abwerera ku Nakatope, ndipo mkulu wa boma wa deralo, amene timamutcha shefi, abwera Lachisanu la sabata yotsatira kudzafunsa zinthu ziwiri: mfumu ndi ndani, ndipo mjigo aukumbe pati. Mlembi wa mudzi ankafuna kuti anthu asamukire kufupi ndi msewu waukulu. Ena ankafuna kumanganso pamabwinja, kunyanja.

Kwathu mfumu siidziika yokha, ndipo boma siliiika. Mayi wamkulu wa mbumba amasinja mapira ndi manja ake, n'kuthira ufawo patsinde pa msolo mpaka upange kachulu, akutchula dzina la wolowa ufumu ndi malo a mudzi. M'mawa mwake anthu amapita kukaona. Kachulu kakapezeka kali chiimire, ndiye kuti makolo avomera. Mfumu yakale inali mlongo wa agogo, ndipo inafera kumsasa. Mayi wamkulu wotsala anali agogo. Akafika, mudzi ukhala kunyanja, pafupi ndi manda a mayi ndi bambo. Akapanda kufika, mawu a mlembi apita okha.

Woyenera kulowa ufumu anali amalume Bwanali, mwana wa mng'ono wa agogo.

"Bwanali ndi munthu wabwino," anatero agogo akusinja mapira aja, "koma ubwino wake ndi wa nthochi yakupsa. Aliyense amangoboola ndi chala. Ndikapanda kukhala pambali pake, amusenzetsa mudzi kupita nawo kufumbi."

Anathira ufawo m'kathumba, kathumbako m'kadengu ka chivundikiro. Kadenguko sikanayenera kutulidwa pansi mpaka pa msolo, choncho anakafungatira pamiyendo ulendo wonse.

Tinanyamuka nthawi ikadalipo yambiri. Thalakitala ya kumishoni inkapita ku Mandimba kukatenga simenti, ndipo woyendetsa anatikweza ulere. Msewu unali mabowo okhaokha. Agogo ankadumpha ndi kadengu kawo ngati mbuliuli m'phale, koma sanadandaule. Anangofunsa woyendetsayo ngati anaphunzirira ntchito yake pa bulu.

Pa Mandimba tinakhala pansi pa mitengo ya mango pafupi ndi msika, kudikira galimoto yolowera ku Cuamba. Masiku amenewo galimoto sinkafunsidwa nthawi. Unkangokhala, n'kumamvetsera. Anyamata osintha makwacha ndi metikali ankazungulira, a njinga ankakweza anthu kupita kuchipata cha malire, dzuwa linkatuluka ndi kulowa. Kenaka kunabwera lole ya munthu wina wachiyao, Che Mussa, itasenza malata ndi simenti. Anati munthu mmodzi makontu khumi ndi asanu, ndiye kuti metikali zikwi khumi ndi zisanu, ndalama imene ndinkaiumbira njerwa masiku angapo.

"Mbuzi iyo mwailipiritsa zingati?" anafunsa agogo, akuloza mbuzi yomangidwa pamwamba pa katundu.

"Makontu asanu, amama."

"Ndinyamuleni, muone ngati ndikulemera kuposa mbuziyo."

"Kulemera ayi. Koma mbuzi siiyankhula njira yonse."

Anagwirizana pa khumi, aliyense akunena kuti wabedwa.

Pamwamba pa malata tinali anthu ambiri ndithu, koma ndikukumbukira awiri. Wina anali a Zakariya, msilikali amene anali atangotula mfuti, akupita kwawo ndi bulangete ndi kawailesi kopanda mabatire. Wina anali mayi wachitsikana, Rozina, amene ankalondola mwamuna wake wogwira ntchito kunjanji ku Cuamba. Kumsana kwake kunali mwana woonda, wa tsitsi lofiira, amene ankalira mosalekeza ndi mawu ang'onoang'ono.

"Agogo, m'kadengumo muli chiyani?" anafunsa a Zakariya. "Mukukafungatira ngati khanda la dzulo. Golide?"

"Iwe unafungatira mfuti zaka zonsezi. Ine ndinakufunsapo?"

Anthu anaseka, a Zakariya anaseka koposa onse. Kuyambira pamenepo ankawatcha agogo kuti komandanti.

Titatsala pang'ono kufika pa mlatho wa Lujenda, lole inagwera m'dzenje ndipo pansi panamveka kuthyoka. Inagwada chakumbuyo ngati ng'ombe yodwala. Che Mussa analowa kunsi, anatuluka ali ndi chitsulo chothyoka pakati, n'kuchiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anabwereka njinga ya munthu wina, anamangirira chitsulocho, n'kubwerera nacho ku Mandimba kukachiwotcherera. Anati abwera mawa.

Pamalopo panalibe mudzi. Panali zipupa zakupsa chapatali, ndi timitengo topakidwa utoto wofiira m'mbali mwa msewu. A Zakariya anaima pakati pa msewu n'kutiuza kuti wofuna kutchire azingoponda mmene mwadutsa matayala.

"Ena mwa mabombawa ndinakwirira ndine," anatero, "koma musandifunse kuti pati. Tinkakwirira tikuthamanga."

Madzi tinkatunga kumtsinje, poyenda pakati penipeni pa msewu. Chakudya chinali makaka, chinangwa chouma chija, ndipo aliyense ankatafuna chake atatembenuka. Mawa la Che Mussa linafika popanda Che Mussa. Galimoto imodzi ya asilikali achilendo inadutsa, anatiponyera moni ndi fumbi. Ina inabwera yodzaza mpaka pa denga la woyendetsa, sinaime n'komwe.

Ine ndimakonda kukhala chete n'kumaona, ndipo chimene ndinaona chinali ichi. Rozina ankatafuna makaka n'kumalavulira m'kamwa mwa mwana, mwanayo n'kumabweza. Bere linali litauma. Kenaka mwana uja anasiya kulira. Ena anapuma, poganiza kuti wagona. Agogo sanapume. Ankangoyang'ana kamutu kaja kakulendewera pansalu, n'kumanunkha fodya wawo kawirikawiri kuposa masiku onse.

"Tomasi," anandiitana, "tenga kachitini ako ukatunge madzi."

Nditabwera ndinapeza kadengu kali kovundukula.

"Agogo, ufawo…"

"Makolo akhala ndi njala zaka zonsezi. Angathe kudikira. Uyu sangadikire."

Tinasonkha moto pakati pa msewu ndi tizidutswa ta bokosi. Agogo anaphika kaphala kamadzimadzi, a Zakariya anatulutsa shuga amene anamubisa m'sokosi. Mwana anameza kamodzi, anaima, n'kumezanso. Agogo sanachite zimenezi mokoma mtima ayi. Anamukalipira Rozina kuti sadziwa kugwira supuni, anamulanda mwanayo, n'kumamudyetsa okha akung'ung'udza kuti atsikana a masiku ano amabala asanaphunzire kupukusa. Poyamba ankatapa ufa pang'onopang'ono, akuyeza ndi maso wotsala. Koma mwana akayamba kudya sasiya, ndipo panalinso nkhalamba ina yopanda mano imene makaka anali ataikana. Pamene tinkamva belu la njinga ya Che Mussa, Lachitatu m'mawa, agogo anali akukung'untha kathumba.

Tinawoloka Lujenda dzuwa lili pamutu. Mphambano ya kwathu ili patsogolo pang'ono, ndipo masiku amenewo chizindikiro chake chinali chigoba cha basi yopsa. Kuchokera pamenepo ndi ulendo wa miyendo wosakwana tsiku. Nthawi inali ikadalipo. Nditaona chigoba chija ndinakweza dzanja kuti ndimenye denga la woyendetsa, monga amachitira wofuna kutsika. Agogo anandigwira pamkono.

"Tikupita ku Cuamba."

"Tafikatu, agogo."

"Tafika ndi chiyani? Ndikaime pa msolo chimanjamanja?"

"Tikapempha ufa kumudziko."

"Wa chimanga chachikasu cha m'matumba a chithandizo? Mlongo wanga anafa akudya chimenecho kumsasa, akulira mapira a kwawo. Ndikamupatsenso chomwecho?"

"Komandanti, tsikani," anatero a Zakariya, ndipo ulendo uno sankaseka. "Pamsonkhano amawerenga nkhope, sawerenga ufa. Ine misonkhano ya boma ndaiona."

"Unaikapo mfumu iwe?"

"Ayi."

"Ndiye sunga wailesi yako."

Anawerengera pa zala zawo: lero tigona ku Cuamba, mawa m'mawa tigula mapira, ndisinja, madzulo tikwera yobwerera, Lachisanu tili pa msolo. Mumtima ndinkadziwa kuti a Zakariya akunena zoona, pakuti msewu umenewu unali utationetsa kale khalidwe lake. Koma agogo anali asanasocherepo. Ndi iwo anandiwolotsa malire pakati pa mfuti, ndi iwo anandisunga wamoyo kumsasa. Dzanja langa linatsika lokha. Ndinayang'ana chigoba cha basi chikuchepa m'fumbi mpaka chinabisika.

Ku Cuamba tinafika mapiri ake atayamba kuda. Rozina anatitengera kunyumba ya mwamuna wake, kufupi ndi njanji, ndipo anatiyalira mphasa yawo yokhayo. M'mawa tinalowa mumsika. Chimanga chachikasu chinali paliponse, mafuta a m'zitini, zovala za kaunjika, sopo wa ku Malawi. Mapira kunalibe. Ena ankatiseka, ankati ndani angalime mapira pamene chimanga chikubwera chokha pa galimoto. Dzuwa litakwera ndithu tinapeza mayi wina wa ku Etatara atakhala kumapeto kwenikweni, ali ndi kabeseni ka mapira amene ankagulitsa kwa ofulula mowa. Ankangoyankhula Chimakuwa, choncho Rozina ndiye ankamasulira. Agogo anatapa njere zingapo, anaziluma, anakwinya nkhope.

"Si athu awa. Koma ndi mapira."

Anasinja okha mu mtondo wobwereka. Manja awo anali atatha mphamvu, musi unkatsika mokhota, ndipo ankaima kawirikawiri kugwira m'chiuno. Rozina anapempha kuti awalandire. Ine ndinapemphanso. Anatikaniza tonse, pakuti ufa wa pa msolo susinjidwa ndi dzanja lina. Mwana uja anali atakhala pamphasa akuyamwa chidutswa cha mbatata, maso ake akutsata musi, kukwera ndi kutsika.

Lachinayi madzulo tinali pamalo okwerera, kadengu kali pamiyendo. Galimoto zolowera ku Mandimba zinalipo ziwiri, koma eni ake anali atagona kunsi kwake. Anati sanyamuka sitima ya ku Nampula isanafike, chifukwa katundu ndi anthu ali m'sitimamo. Ndinafunsa kuti ifika liti. Mmodzi anatsegula diso limodzi.

"Ikafika muimva, achimwene. Siibwera mobisala."

Lachisanu kunacha tili pomwepo. Agogo anapita kwa woyendetsa wina, anamuchonderera, chinthu chimene ndinali ndisanawaonepo akuchita kwa munthu aliyense. Anamasula mfundo ya chitenje n'kumuonetsa zonse zimene tinali nazo. Munthuyo sanali woipa. Anati ndalamazo sizingagule mafuta ofika ngakhale theka la njira. Masana anthu anayamba kulowera kumzikiti. Chapatali, wantchito wina wa kunjanji ankayenda akumenya zitsulo ndi nyundo kuti amve ngati zili zolimba. Ngwee. Ngwee. Agogo anatembenuza mutu msangamsanga, ngati munthu woitanidwa dzina. Kenaka anayang'ana dzuwa.

"Ayamba tsopano," anatero.

Sitima inafika Loweruka. Tinapanikizana m'kagalimoto kodzaza matumba a mchere, ndipo kanatitula pa chigoba cha basi Lamulungu m'mawa. Sitinayende mtunda wautali. Kuseri kwa kachitunda koyamba tinapeza mitengo yatsopano itazikidwa mizeremizere, amayi akumweta udzu, ndi chikhomo choyera pamalo okumba mjigo. Pa nthambi ya mtengo wina panalendewera chitsulo cha gudumu la galimoto. Anthu anatizindikira. Amayi anathamanga kudzagwada, ena akulira, ena akuyang'ana kumbali. Mlembi anabwera atavula chipewa, anapereka moni waulemu, n'kuitanitsa mpando. Agogo anayankha moni wa aliyense, mmodzimmodzi, koma pampando sanakhale. Anafunsa ngati njira ya kunyanja ili yotseguka, ndipo atauzidwa kuti inachotsedwa mabomba, anapitirira.

Msolo tinaupeza uli chiimire. Pa nthambi yake panali chipsera pamene pankadutsa waya, koma chitsulo panalibe. Chipilala cha Apwitikizi, pamene makolo ankafola popereka msonkho, chinali chitapendekeka. M'sitolo ya Mmwenye munali mutamera mkuyu pakati penipeni. Doko linali bango lokhalokha. Manda a mayi ndi bambo ndinawapeza chifukwa agogo anandilozera ndi chibwano, apo ayi ndikanawaponda.

Amalume Bwanali anatipeza pamenepo, atatilondola panjinga. Anaitsamiritsa pa chipilala, anagwada patali, n'kuomba m'manja.

"Mayi, tinadikira. Tinadikira mpaka dzuwa linapendeka. Shefi anali ndi midzi ina yoti afikeko, ndipo anati galimoto yokumba mjigo singafike kuno, njira ndi yamatope. Ndinayang'ana kunjira, ndinayang'ananso. Ndikanakhala nanu pambali…"

"Ufa anathira ndani?"

"Mlongo wanga Esinati."

"Wa chiyani?"

Amalume anayang'ana pansi.

"Wachikasu?"

"Ndi umene unalipo, mayi."

"Nanga m'mawa mwake?"

"Kachulu tinakapeza kali chiimire. Ngakhale nyerere imodzi."

Agogo anaseka pang'ono, kaphwete kouma kotulukira m'mphuno.

"Makolo nawonso azolowera za chithandizo."

Anafunsa za chitsulo. Amalume anati anachipeza chitagwera m'udzu, ndipo anachipereka kwa wosula. Anthu anabwerera opanda khasu ndi limodzi lomwe, mvula ili pafupi. Munatuluka makasu okwanira mabanja angapo. Agogo anagwedeza mutu, sanatsutse. Amalume atapita, anagwada patsinde pa msolo, anavundukula kadengu, n'kuthira ufa wa ku Etatara pang'onopang'ono mpaka unapanga kachulu pambali pa kachikasu kaja. Milomo yawo inkagwedera, koma sindinamve dzina la munthu kapena la malo.

Agogo anakhala moyo mvula zina ziwiri, m'mudzi wa kumsewu, akumwa madzi a pamjigo umene sanaufune. Anaikidwa komweko, kumanda atsopano, kutali ndi mwana wawo. Za mwana wa Rozina sanadandaulepo ngakhale tsiku limodzi, ndipo inenso sindinganene kuti ufa uja unatayika. Chimene chimandibwerera ndi mphambano ija, ndi dzanja langa lili m'mwamba, denga la lole lili pafupi chonchi.

Usiku wa tsiku limene tinafika pa msolo lija tinagona m'zipupa za sitolo. Kutacha ndinawafunsa ngati tipite tikaone kachulu kawo.

"Akavomera, avomera chiyani?" anatero. "Pita ukazule udzu kwa amako."

Ndinali ndikuzula ndi manja pamene ndinamva njinga ikubwera. Anali amalume Bwanali, atanyamula mbatata zophika za agogo. Atapereka, anabwera kumanda kuja, anaima kanthawi akuyang'ana milu iwiriyo, kenaka anapisa m'thumba la jekete. Anatulutsa chimsomali chachikulu cha njanji, chakuda, chosalala pogwirira ngati mpini wakale.

"Wosula ankafuna achiphatikize ku makasu, ndinakana," anatero. "Tinachiyesa pa gudumu lija, sichikulira bwino. Chinali cha bambo ako, mphwanga. Ndi chimene ankaimbira."

Anachiika m'dzanja langa lamatope, anakwera njinga yawo, n'kulowera njira ya kumsewu.